Munda wa Mlongo: Mbiri ya Anaditu a ku Sippar

Mfumu Samsuiluna, mwana wa Hammurabi, imene inalamulira Babylon kuyambira 1749 mpaka 1712 BC, inalandira dandaulo lochokera ku mzinda wa Sippar lakuti akazi opatulidwira mulungu Shamash akugona ndi njala. Makolo ena ankabwera ndi ana awo aakazi kumpanda wa kachisi chimanjamanja, opanda munda, opanda cholembedwa chonena amene aziwadyetsa, n'kubwerera kwawo. Akaziwo ankangoyang'ana kunkhokwe ya mfumu. M'dandaulo lomwelo munalinso nkhani ina. Bambo wina wa mumzindamo, Mar-Shamash, anakongola siliva kwa woweruza Awil-Sin ndipo ankalephera kubweza. Woweruzayo anaopseza kuti akagwira kapolo wa mwana wamkazi wa Mar-Shamash, yemwe ankakhala mumpanda muja.

Mfumu inagamula pawiri. Mtsikana amene sanapatsidwe chomudyetsa asalowe mumpandamo, ndipo amene analowa kale, bambo ake ndi alongo ake akakamizidwe kumulembera phale, cholembedwa cha padongo, la chuma chake. Kenako inati mkazi amene ali ndi phale lake sakhudzidwa ndi ngongole kapena thangata la nyumba ya bambo ake, wokongoza akafune kwina. Makope a kalata ya chigamulochi anapezeka ku Tell ed-Der, pafupi ndi Sippar, m'nyumba ya wansembe Ur-Utu, imene akatswiri a ku Belgium anafukula m'zaka za m'ma 1970.

Akazi amenewa ankatchedwa naditu. Mabuku ambiri a mbiri yakale amawalumpha, kapena amawatchula m'chiganizo chimodzi pakati pa nkhondo za mafumu. Chonsecho pa mapale a malonda ndi milandu ochokera ku Sippar, a pakati pa 1900 ndi 1600 BC, mayina awo ali mbwee: akugula minda, akukongoza barele, akusumira alongo awo, akumasula akapolo, ena akulemba okha mapalewo. Kalata ya Samsuiluna ikuloza pamene pagona nkhani. Naditu ankadya kapena kugona ndi njala malinga ndi zimene bambo ake analemba padongo.

Mumpanda wa gagum

Sippar unali mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, makilomita pafupifupi 30 kum'mwera chakumadzulo kwa Baghdad ya lero. Chulu cha mabwinja ake chimatchedwa Tell Abu Habbah. Kumeneko kunali Ebabbar, kachisi wa Shamash, mulungu wa dzuwa amene ankamutenganso ngati mwini chilungamo, ndi mkazi wake Aya. Pafupi ndi kachisiyo panali mpanda wotchedwa gagum. Musaganize za chinyumba chimodzi cha zipinda zondandalika, onse akudya mphika umodzi. Munali tinyumba tazidina tambirimbiri, aliyense khomo lake ndi moto wake. Nyumbazo zinali za eni ake: ankagulana, kugulitsana ndi kuchititsana lendi. Zambiri zinali zazing'ono. Akatswiri amayerekeza kuti pa nthawi imodzi munkakhala anaditu pakati pa 100 ndi 200, osawerengera adzakazi awo. Mpandawo unali ndi woyang'anira anaditu, alonda a pachipata ndi alembi. Lamulo lalikulu linali lakuti naditu wa Shamash sakwatiwa ndipo sabereka.

Ntchito yake pamaso pa mulungu inali kupempherera a kwawo. Sankatsogolera nsembe za m'kachisi, zimenezo zinali za ansembe. Iye ankakhala pafupi ndi Shamash ndi Aya m'malo mwa banja lonse, kupereka chakudya pa zikondwerero ndi kutchula mayina a abale ake tsiku ndi tsiku. Mafumu nawonso ankafuna wowaimirira wotere. Iltani, mlongo wa Hammurabi, anali naditu ku Sippar. Zimri-Lim, mfumu ya Mari ku Syria ya lero, anatumizako mwana wake Erishti-Aya, ndipo makalata a mayiyu anapezeka m'mabwinja a nyumba yachifumu ya Mari. Mulibe mawu okometsera. Akukumbutsa makolo ake kuti iye ndiye amawapempherera kosalekeza, n'kufunsa chifukwa chake ana ena aakazi a pakhomopo akulandira barele, zovala ndi mowa wabwino iye akumanidwa. Akudandaulanso kuti mwa adzakazi amene anamutumizira ena amwalira, ndipo akufuna ena olowa m'malo.

Koma pemphero lokha silingafotokoze chifukwa chake mabanja olemera a amalonda, oweruza ndi alembi ankapereka ana awo mibadwo yotsatizana. Yankho lili kumunda. Ku Babylon chuma chinkayenda ndi ana aamuna, ndipo bambo akamwalira iwo ndiwo ankagawana. Mwana wamkazi ankatenga gawo lake pokwatiwa, ngati katundu wopita naye kwa mwamuna. Akabereka, katunduyo ankakhala wa ana ake, ndiye kuti wachoka pamtundu. Akamwalira wosabereka, katunduyo ankabwerera kunyumba ya bambo ake. Kwa Mchewa wozolowera chikamwini, kumene mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi ndipo munda umatsalira mbumba, mawerengedwe ake ndi otembenuka, koma nkhawa ndi yomweyo, yakuti munda usapite kwa obwera. Bambo wa ana aakazi atatu akakwatitsa onse, chuma chimatuluka katatu. Akapereka mmodzi kwa Shamash, gawo lakelo limangopita kukacheza. Mwanayo adya zokolola moyo wake wonse, ndipo poti alibe mwana, mundawo udzabwerera kwa alongo ake.

Kulowa kunkachitika pa chikondwerero cha Shamash cha masiku atatu, m'mwezi umene umagwera pakati pa Disembala ndi Januwale. Pali phale limene linasunga zonse zimene oyang'anira mpanda anawononga polandira mtsikana wotchedwa Awat-Aya, ndipo zofanana ndi za ukwati n'zambiri: nsomba, nyama, ufa, mafuta, ziwiya, ngakhale lamba wopatsa mlongo wake. Akukachisi ndiwo ankachita zimene akuchimuna amachita, kupereka mphatso kwa akuchikazi. Tsiku loyamba ndi lachitatu linali la nsembe kwa Shamash ndi Aya. Lachiwiri linali lokumbukira anaditu amene anamwalira, ndipo tanthauzo lake n'losavuta kuliona: ku Mesopotamia, dera limene kunali mizindayi, wakufa ankathiriridwa madzi ndi kupatsidwa chakudya ndi ana ake, ndiye wopanda mwana ankadalira anzake a mumpanda. Mtsikanayo ankamuika ulusi wa Shamash pamkono. Ambiri ankatenganso dzina latsopano lotchula mulunguyo kapena mkazi wake, monga Amat-Shamash, Erishti-Aya kapena Awat-Aya.

Katundu wolowa naye ankalembedwa mmodzimmodzi: munda ndi malire ake, malo a nyumba, adzakazi ndi mayina awo, ng'ombe, nkhosa, bedi, mipando, zovala, miphika yamkuwa, mphero. Pankakhalanso siliva wopindidwa ngati zibangili kapena mphete, amene anali wakewake. Ndalama zosula kunalibe, siliva ankachita kuyeza pasikelo, ndiye chibangili chinali chovala komanso mpamba.

Mzere umodzi pa phale

Mwala wa malamulo a Hammurabi, wotalika mamita 2.25, unapezeka ku Susa, ku Iran, mu 1901 ndi 1902, kumene Aelamu, eni dzikolo, anapita nawo atafunkha m'zaka za m'ma 1100 BC. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti unaimikidwa ku Sippar komweko, ndipo pamwamba pake pali chithunzi cha mfumu itaima pamaso pa Shamash. Lero uli kunyumba yosungira zakale ya Louvre, ku Paris. Manambala a ndime zake anaikidwa ndi akatswiri a masiku ano, ndipo ndime 178 mpaka 182 zikukamba za chuma cha akazi opatulidwa.

Ndime 178 ikunena za bambo amene anapatsa mwana wake chuma n'kumulembera phale, koma sanalembepo kuti mwanayo angapereke cholowa chake kwa aliyense amene wamukonda. Bamboyo akamwalira, alongo a mwanayo atenge munda ndi munda wa zipatso, azimupatsa chakudya, mafuta ndi zovala molingana ndi kukula kwa gawo lake, mpaka mtima wake ukhutire. Akalephera, iye awalande mundawo n'kuupereka kwa mlimi aliyense amene wamusankha, mlimiyo ndiye azimudyetsa. Adye zokolola moyo wake wonse, koma asaugulitse, asaubwezere ngongole ya wina, pakuti cholowacho ndi cha alongo ake. Ndime 179 ikusiyana ndi imeneyi pa mzere umodzi wokha. Ngati bambo analemba kuti angapereke kumene afuna, ndiye kuti apereka kumene afuna, ndipo alongo alibe pakamwa.

Bambo akamwalira asanalembe kalikonse, ndime 180 ikupatsa naditu wa mumpanda gawo lofanana ndi la mwana wamwamuna mmodzi, loti angodya zokolola. Ndime 181 ikupatsa akazi ena opatulidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a cholowa chotere. Ndime 182 ikukondera naditu wa mulungu Marduk wa ku Babylon, amene ankalandira limodzi mwa magawo atatu koma ali ndi ufulu wolipereka kumene afuna.

Amene amawerenga ndimezi ngati chifundo cha mfumu pa akazi amaona theka. Lamulo linkateteza chakudya cha naditu lero ndi munda wa alongo ake mawa. Pamene pankavuta ndi pa mawu akuti mtima ukhutire, chifukwa mlongo amene ali ndi akazi ndi ana ake, chaka cha chilala, amayamba wachepetsa muyezo wa uja amakhala kuseri kwa mpanda. Komanso anaditu ambiri ankakalamba kwambiri, poti imfa ya pobereka, imene inkatenga akazi ochuluka, inkawalambalala. Alongo ankatha kumwalira onse iye akadalipo, n'kutsala ana awo amene sanaonepo agogo aja akulemba phale, ongodziwa kuti azakhali ena ake akudya munda wabwino wa m'mbali mwa ngalande.

Kulimitsa, kugula, kukongoza

Naditu sankagwira khasu. Ankabwereketsa munda kwa chaka chimodzi, kubzala kukuchitika cha mu Okutobala ndi Novembala, kukolola mu Epulo ndi Meyi. Lendi inali yamitundu iwiri: mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola, mwina muyezo wokhazikika wa barele malinga ndi kukula kwa munda. Phale linkanena muyezo woyezera, kawirikawiri muyezo wa Shamash wa malita khumi, chifukwa miyezo inalipo yosiyanasiyana ndipo mlimi wochenjera ankatha kubwera ndi waung'ono. Linkanenanso malo operekera, pachipata cha gagum. Pamwamba pa lendi, mapale ambiri ankawonjezera kuti pa zikondwerero zitatu za Shamash, nthawi zina kuposa apo, mlimiyo azibweretsa nthuli ya nyama ndi ufa kapena mowa. Chimenechi ndicho chakudya chimene naditu ankayenera kupereka kukachisi, ndiye udindo wake wa chipembedzo ankaulemba mulendi ya munda.

Zovuta zake malamulo ankazidziwa. Mlimi akabwereka munda n'kuusiya osalima, ankalipira molingana ndi zimene woyandikana naye wakolola. Madzi osefukira akakokolola mbewu mwini munda atalandira kale lendi, kutaya kunali kwa mlimi. Ngati anapangana zogawana, ankagawana chotsalacho. Choncho mkazi wofuna kugona tulo ankasankha muyezo wokhazikika, ndipo wofuna phindu lalikulu pa chaka chabwino ankasankha kugawana.

Zotsala pa lendi ankagulira minda ina, ndipo phale la malonda linali ndi dongosolo losasintha. Linkayamba ndi kukula kwa malo ndi mayina a eni malire mbali zonse. Kenako wogulitsa, wogula, ndi mawu akuti wagula ndi siliva wa chibangili chake. Mawu amenewa sanali okongoletsa. Ankasiyanitsa munda wa makolo, wobwerera kwa alongo, ndi munda wa thukuta lake. Mtengo wonse unkayezedwa, ndipo pa mapale akale kwambiri pamalembedwa kuti munsi wadutsitsidwa, mwambo wosonyeza kuti malonda atha. Ankalumbira pa Shamash, Aya, Marduk ndi mfumu kuti palibe adzabwererenso pa nkhaniyo. Mboni zinkatsatira, wansembe wamkulu wa Shamash poyamba, kenako oyang'anira, alonda a pachipata ndi anaditu anzake, pomaliza dzina la chaka. Phalelo ankalikuta ndi dongo lina, kulembanso mawu omwewo pamwamba, ndi kugubuduzapo zidindo za mboni dongo likadali lofewa. Pakabuka mkangano, oweruza ankaswa chikutocho n'kuwerenga zamkati, zimene palibe akanazisintha. Wogulitsa ankaperekanso mapale onse akale a mundawo, osonyeza mmene unadutsira m'manja mwa eni ake oyamba. Wopanda mapale amenewo anali ndi munda wa pakamwa chabe.

Ngongole inali ndi chiwongoladzanja chodziwika. Wokongola malita 300 a barele ankabweza 400 pokolola, ndipo wokongola masekeli asanu a siliva (sekeli ndi muyezo wa kulemera) ankabweza asanu ndi limodzi. Barele ankaoneka wokwera chifukwa ankatengedwa m'miyezi ya njala, mtengo uli pamwamba, n'kubwezedwa pa masika utagwa. Chimene wokongoza aliyense ankachiopa ndi chilengezo cha mfumu chofafaniza ngongole, chimene mafumu ankachita akangolowa ufumu kapena zinthu zikathina. Cha mfumu Ammisaduqa, cha m'ma 1646 BC, chinasungika bwino. Chikamveka, mapale a ngongole za anthu wamba ankaswedwa, ndipo naditu amene anamwaza barele wake yense kwa alimi ankatsala ndi zidutswa za dongo.

Ena mwa alembi a mapalewa anali akazi. Ku Sippar kukudziwika oposa khumi, kuyambira Inanna-amamu wa m'zaka zoyambirira mpaka Amat-Mamu, amene analemba kwa zaka pafupifupi 40 pansi pa mafumu atatu, Hammurabi, Samsuiluna ndi Abi-eshuh. Komabe mwayi unkachepa ndi nthawi. Poyamba anaditu ankatha kukhala oyang'anira anzawo ndipo ankadzaza mndandanda wa mboni. Kuyambira m'masiku a Hammurabi, zidindo za akuluakulu a kachisi zinayamba kuwatcha atumiki a mfumu m'malo mwa atumiki a kachisi, maudindo anapita kwa amuna, ndipo mayina a akazi pakati pa mboni anayamba kusowa. Mfumu yomwe ija inawalembera ndime zisanu ndiyo inawachepetsera malo pabwalo.

Ukalamba ndi mlandu wa Amat-Mamu

Wopanda mwana akakalamba amadya kwa yani? Naditu ankasankha mlowachuma akadali moyo, kawirikawiri naditu wamng'ono, makamaka mwana wa mlongo wake, kuti chuma chikhalebe pamtundu. Phale linkanena zimene wamng'onoyo azipereka chaka chilichonse, ndipo akalephera kubweretsa zovala, mafuta ndi chakudya cha zikondwerero, oweruza a ku Ebabbar ankamuchotsa pa cholowacho. Ena ankamasula mdzakazi n'kumutenga ngati mwana. Ankamuyeretsa pamphumi, kumutembenuzira kotulukira dzuwa, n'kulemba kuti azisamala mayi wakeyo mpaka milungu yake idzamuitane, umo ndi mmene ankanenera imfa ya naditu, ndipo pambuyo pake palibe wachibale adzamutchenso kapolo. Mlandu unkabuka pamene naditu wa ndime 178 achita ngati wa ndime 179, kupatsa mlendo munda umene alongo ankauwerengera.

M'zaka za m'ma 1700 BC, naditu wokalamba Belessunu anasankha Amat-Mamu, mwana wa Sin-ilum, kukhala mlowachuma wake. Anamupatsa minda inayi, malo a nyumba ndi akapolo. Amat-Mamu anavomera kubweza ngongole za mayiyo ndi kumupatsa chaka chilichonse gur zisanu ndi imodzi za barele, mina 12 za ubweya wa nkhosa ndi malita 24 a mafuta, kuwonjezera ufa ndi nyama ya zikondwerero. Gur imodzi ndi malita 300, ndiye barele yense anali malita 1,800, kapena 150 pamwezi. Wantchito wamkulu ankapatsidwa malita awiri patsiku, choncho muyezowu unkadyetsa mayiyo ndi mdzakazi mmodzi kapena awiri. Mina imodzi ndi theka la kilogalamu, ndiye ubweya unali makilogalamu asanu ndi imodzi. Pa mitengo ya m'malamulo a mzinda wa Eshnunna, sekeli limodzi linkagula gur imodzi ya barele, kapena mina zisanu ndi imodzi za ubweya, kapena malita 12 a mafuta. Zonse pamodzi zikukwana masekeli khumi pachaka. Barele yekhayo anali wofanana ndi malipiro a chaka chathunthu a woyendetsa ng'ombe zolima m'malamulo a Hammurabi. Cholowacho sichinali chaulere.

Pasanapite nthawi, akazi awiri a pachibale ndi Belessunu, nawonso anaditu, anasuma kuti mindayo ndi yawo. Nkhani za akazi akale zimakonda kuika akazi onse mbali imodzi ndi amuna mbali ina, koma pamunda sizinali choncho. Anagonja, ndipo anawalembetsa phale lolonjeza kuti sadzasumanso. Mapale onsewa, la bambo a Belessunu, la kusankhidwa kwa Amat-Mamu ndi la chigamulo, ankasungidwa kunyumba ya mbale wa bambo a Amat-Mamu, ndipo kumeneko anasowa. Mlandu suola, ndiye kukhala opanda mapale kunali kuitana osuma atsopano. Akuluakulu a mzinda anamva umboni, n'kulemba phale latsopano lobwereza mbiri yonse ya mindayo, ndi kunena kuti akale aja akadzapezeka kulikonse, mwini wake ndi Amat-Mamu. Tikudziwa nkhaniyi chifukwa cha kusowa komweko. Mapale aja akanakhalapo, palibe akanaisonkhanitsa pamalo amodzi.

M'mizinda ina mwambo unali wosiyana. Ku Nippur anaditu anali a mulungu Ninurta. A Marduk wa ku Babylon ankaloledwa kukwatiwa, koma kubereka ayi, ndiye ankapezera mwamuna ana kudzera mwa mdzakazi kapena mkazi wachiwiri, nthawi zambiri mng'ono wawo. Pangano lina la ku Sippar likunena za Warad-Shamash amene anakwatira Taram-Sagila ndi Iltani wina, osati mlongo wa Hammurabi uja. Iltani azisambitsa mapazi a Taram-Sagila, azimunyamulira mpando popita kukachisi wa mulungu wake, azimuperera ufa wosalala malita khumi, asatsegule chimene iye wadinda, ndipo mkuluyo akakwiyira munthu, nayenso akwiye. Ndime 146 ikuti mdzakazi wobereka akayamba kudziyesa wofanana ndi mbuyake, sangagulitsidwe, koma abwezedwe pakati pa akapolo. Owerenga Genesis 16 aona kufanana kwake ndi mkangano wa Sarai ndi Hagar. Ufulu wa naditu unkatsamira pa akazi ena amene analibe phale lawolawo, ndipo mayina a ambiri a iwo timangowaona pa mndandanda wa katundu, pakati pa mphero ndi ng'ombe.

Babylon atagwa m'manja mwa Ahiti mu 1595 BC, anaditu anasowa m'mapale a malonda. Dzina lokha ndilo linatsala m'mindandanda ya alembi, ndipo patapita zaka mazana ambiri, mapemphero othamangitsa ufiti otchedwa Maqlu ankatchula naditu pakati pa akazi oganiziridwa ufiti. Akatswiri oyamba a ku Ulaya anawonjezera bodza lawo. Herodotus, Mgiriki amene analemba patapita zaka zoposa 1,200 Hammurabi atamwalira, ananena kuti mkazi aliyense wa ku Babylon ankayenera kugona ndi mlendo pakachisi kamodzi pa moyo wake. Omasulira anatenga nkhaniyo n'kuipaka pa dzina lililonse la mkazi wa kukachisi, mpaka mabuku ena anatcha anaditu mahule opatulika. Mapale a ku Sippar sanena zotere. Ndime 110 ikuti naditu wosakhala mumpanda akatsegula malo ogulitsira mowa, kapena kulowamo kukamwa, awotchedwe. Ena anathawira mbali ina n'kuwatcha masisitere, koma sisitere amalumbira umphawi, pamene awa ankakongoza siliva pa chiwongoladzanja. Rivkah Harris, amene anasanthula mapalewa limodzilimodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndiye anathandiza kwambiri kuti akaziwa aoneke ngati eni minda ndi eni milandu.

Ntchito yowasanthula ndi yowawa, ndipo gwero la vutoli ndi mmene anafukulidwira. Hormuzd Rassam anakumba Tell Abu Habbah mu 1881 ndi 1882 n'kutumiza mapale masauzande ambirimbiri ku British Museum, ku London, popanda kulemba chipinda chimene lililonse linapezekamo. Ena anakumbidwa mobisa n'kugulitsidwa, ndipo lero ali ku Berlin, Paris ndi Philadelphia. Mapale a mkazi mmodzi, amene ankasungidwa mumtanga umodzi, anamwazikana m'mayiko anayi kapena asanu, nthawi zina phale kwina chikuto chake kwina. Kuwonjezera apo, mayina ndi obwerezabwereza. Anthu otchedwa Amat-Shamash alipo ambirimbiri, ndipo Amat-Mamu mlembi si Amat-Mamu wa Sin-ilum. Wofufuza amayamba ndi dzina la bambo, kenako dzina la chaka, kenako chidindo, ndipo zikakanika amayang'ana eni malire: munda umene pa phale la m'masiku a Hammurabi ukugundana ndi ngalande yakutiyakuti ndi munda wa uje, ukapezekanso ndi malire omwewo zaka 30 pambuyo pake uli m'manja mwa naditu wina, ndiye kuti wapeza azakhali ndi mwana wa mlongo wawo.